Nthaka Itatupa kwa Malunda

A Binali Mustapha anali alamu anga. Anakwatira mlongo wanga Esha m'chaka cha 1966 n'kudzakhala kwathu kwa Malunda, mudzi waung'ono wa m'mbali mwa nyanja, cha ku Maganga. Kwawo kunali ku Chipoka, koma makolo awo anamwalira iwo ali ang'ono, ndiye panalibe chowakokera kumeneko. Ine ndine Abdulkarim, msodzi. Amalume atatisiya, mbumba ya amayi inatsala m'manja mwanga, choncho pa nkhani ndikuinenayi sindinali woonerera chabe.

A Binali anali munthu wamtali, woonda, wa mawu ochepa. Nyanja sankagwirizana nayo. Akangokwera bwato ankachita chizungulire, ndipo ife tinkawaseka kuti ndi mkamwini wanji wa kunyanja woopa madzi. Chomwe ankachidziwa ndi nthaka. Pamene ankamanga njanji yochoka ku Salima kupita ku Lilongwe, analembedwa ntchito yogwira ndodo ya manambala kwa anthu oyeza malo. Zaka zinayi ankaima padzuwa, ndodo ili chilili, wina akusuzumira m'makina chapatali n'kumalemba. Anzawo ankangogwira ndodoyo kudikira nthawi yoweruka, koma iwo ankafunsa. Pomatha ntchitoyo, munthu amene sukulu analekezera sitandade 3 ankatha kukuuza kuti malo awa ndi okwera kuposa awo ndi mainchesi angati. Anabwera kumudzi ndi kope lachikuto chakuda ndi payipi yaitali yoonekera m'kati. Payipiyo ukaithira madzi, anthu awiri n'kugwira nsonga zake, madzi amaima mofanana mbali zonse, ndiye umadziwa kokwera ndi kotsika.

Mu 1980 nyanja inadzaza kuposa mmene akuluakulu anaionerapo. Inalowa m'madambo a kumunsi kwa mudzi momwe tinkalima mpunga, ndipo pobwerera inatisiyira mchenga wokhawokha. Chaka chimenecho tinakhalira chinangwa.

Ndi pamene a Binali anayamba kuyendayenda kumtunda kwa mudzi ndi payipi yawo, Esha atagwira mbali inayo. Kumeneko kuli kamtsinje kotchedwa Namilulu, kosaphwa ngakhale mu Okutobala, ndipo chakumwera kwake kuli chigwa cha dothi lakuda chomwe chinkangomera tsekera. Pakati pa ziwirizi pali mtunda wa makilomita awiri, ndiponso kasupe wa madzi otentha yemwe timamutcha Mawira. Atayeza milungu itatu, anatiimitsa amuna tonse tikutuluka mumzikiti tsiku la Ijumaa.

"Madzi a Namilulu atha kufika kuchigwa okha," anatero. "Pakungofunika makasu. Koma mukumbe momwe ndakhomera zikhomo, osati momwe maso anu akukuuzirani."

Tinakumba miyezi isanu ya chilimwe. Pena zikhomo zinkaoneka ngati zikukwera chitunda, anthu n'kumang'ung'udza kuti mkamwiniyu atipha ndi ntchito yopanda phindu. Tsiku lotsegula, madzi anayenda pang'onopang'ono, mudzi wonse ukuwatsatira m'mbali, ndipo anafika kuchigwa dzuwa lili paliwombo. Azimayi analulutira mpaka mawu kusasa. Mabanja makumi atatu ndi anayi anapeza minda. Zaka zitatu zotsatira tinakolola mpunga wa Faya wambiri moti amalonda a ku Lilongwe ankafika ndi malole mpaka pabwalo. Anthu anasiya kunena kuti mkamwini wa kwa Abdulkarim, anayamba kuwatchula kuti a Injiniya.

Vuto linayamba mu 1984. Pafupi ndi Mawira madzi anayamba kuyenda mwaulesi, ndele n'kumamera. A Binali anati ndi matope, tinakachotsa. Chaka chinacho madzi anaima pamalo omwewo. Tinakumba mozama mpaka tinafika pathanthwe pomwe makasu ankangothetheka moto. Madzi anadutsa, koma okwanira minda khumi yoyambirira yokha. Mikangano inabuka. A minda ya kumapeto ankati a kumayambiriro akuwabera madzi, ndipo anthu awiri apachibale anatemana ndi zikwanje.

A Binali sanakhulupirire kuti anayeza molakwa. Anatenga kope lawo, momwe munali manambala a zikhomo zonse a 1981, n'kuyezanso kuyambira kumtsinje mpaka kuchigwa. Anayeza kawiri. Kenako anandipeza kugombe ndikusoka ukonde.

"Alamu, ndikuuzeni chinthu, koma musandiseke."

"Nenani."

"Ngalande ija sinakwiririke ayi. Nthaka ndiyo yakwera. Zikhomo za pa Mawira zakwera mainchesi asanu ndi awiri kuchokera pomwe ndinazisiya. Za kumtsinje ndi za kuchigwa zili pomwepo."

"Zikhomo zimakula ngati chimanga?"

"Ndanena kuti musaseke."

"Sindikuseka. Mwina mizu ya mitengo ndiyo yazikankha."

"Zikhomo khumi ndi ziwiri nthawi imodzi, zapakati kwambiri, za m'mbali pang'ono? Ayi, alamu. Pali chinthu pansipo chikukankha."

Ndinawauza kuti akapume. Komabe ndinali nditamva kale kwa akazi anga kuti madzi a pa Mawira, omwe kale ankasambitsira makanda, tsopano ankawaula manja, ndipo dzira ukaliikamo linkapsa. Chitsime cha pamzikiti nachonso chinali chitang'ambika mbali imodzi.

Kuyambira pamenepo a Binali anadula zitsulo za bedi lakale, n'kuzikhoma kuzungulira Mawira mpaka patali ndi ngalande, chilichonse atachimata ndi simenti. Mwezi ukaoneka, m'mawa mwake iwo ndi Esha ankanyamula payipi kukayeza. Esha sankadziwa kulemba, koma diso lake linali lakuthwa. Madzi akaima m'payipi ankatsina pamalopo ndi chikhadabo, osasuntha mpaka amuna ake atabwera kudzawerenga.

Mu Julaye 1986 kunali msonkhano wa chipani pasukulu, wokamba za makadi ndi chitukuko. Apampando a dera, amene dzina lawo sinditchula chifukwa ana awo alipo, anafunsa chifukwa chomwe mpunga wa kwa Malunda watsikira. Mitu yonse inatembenukira kwa a Binali. Iwo anaimirira, kope lili m'manja.

"Bwana, vuto si ulesi wa anthu. Dziko lathu lino lili ndi chithupsa pansi. Chikukula chaka ndi chaka. Sindikudziwa, mwina tsiku lina chidzaphulika."

Tonse a kwa Malunda tinkadziwa kuti akunena za nthaka, koma masiku amenewo mawu akuti dziko sankatchulidwa pamodzi ndi matenda.

"Mwati dziko lino lili ndi chiyani?" anafunsa apampando.

"Chithupsa, bwana. Pansi pa Mawira. Manambala ake ndi awa."

"Ndipo chidzaphulika."

"Mwina, bwana."

"Zikomo. Khalani pansi."

Patapita masiku anayi kunabwera galimoto m'mawa, anthu akupita kumunda. Munatsika amuna atatu osawadziwa. Anafuna kope. Esha anali atalibisa m'thumba la madeya, ndipo anawapatsa kope lakale la masamu la mwana wawo Salma. Sanalitsegule n'komwe. A Binali anawatenga atavala kabudula wa kumunda, opanda nsapato. Palibe amene anafunsa kuti mukupita nawo kuti. Nanenso sindinafunse.

Mwezi utaoneka, Esha anafika kwanga payipi ili pamutu.

"Achimwene, mukandigwirire mbali inayo."

"Iwe, payipi imeneyi ndi yomwe yatengetsa amuna ako. Ukufuna atitengenso ife?"

"Akadzabwera adzandifunsa. Ndidzawauza chiyani?"

Ndinapita kawiri kokha. Kenako ndinakwera bwato kupita ku chilumba cha Mbenji, n'kukhala komweko mpaka chilumba chinatsekedwa mvula itayamba. Nsomba sizinali zambiri chaka chimenecho, ndinkangothawa. Amene anagwira mbali inayo anali mayi Dorothy, mkazi wamasiye wa mpingo wa Anglican, wogulitsa nsomba zouma, amene ankakhala moyandikana ndi Esha. Popeza onse awiri sankalemba, Esha anadula nsungwi, chikhomo chilichonse nsungwi yake, ndipo mwezi uliwonse ankatema kachizindikiro ndi mpeni pomwe madzi aima.

A Binali anabwera patatha miyezi khumi ndi umodzi. Anatsika basi pa Salima n'kuyenda wapansi. Mano anayi am'mwamba munalibe, khutu lakumanzere linali litagontha, miyendo itatupa. Za komwe anali sanafotokozepo kwa ine kapena kwa Esha, kupatula kuti kunali kozizira. Ngalande anaipeza itauma. Minda ya kuchigwa inali itabwerera ku tsekera, mabanja asanu ndi atatu atasamukira ku Chinguluwe. Anthu ankawapatsa moni akuyenda, kuopa kuonedwa ataima nawo. Dzina la Injiniya palibe analitchulanso. Esha atawaonetsa mtolo wa nsungwi uja, anakhala pakhonde masiku awiri akuyeza zizindikirozo chimodzichimodzi n'kumalemba m'kope. Mwezi wotsatira anayambiranso kuyeza, koma ankadzera njira ya m'tchire.

Mu Seputembala 1988 kunafika mlendo pa Mawira, atanyamula mabotolo ndi kachipangizo koyezera kutentha kwa madzi. Anali a Lameck Munthali, a ku Rumphi, munthu wophunzira za miyala, amene ankayendera akasupe otentha a m'mbali mwa nyanja. Anapunthwa pachikhomo chimodzi, n'kuona china, n'kuonanso china, zonse pamzere. Anafunsa azimayi otunga madzi kuti anakhoma ndani. Onse anati sadziwa. Mayi Dorothy okha ndi amene anawalondolera kunyumba.

A Binali ataona munthu wovala nsapato za boma akulowa pabwalo, anakalowa m'khola la mbuzi. Esha ndiye anakawatulutsa. Ine ndinali pafupi, ndikusungunula phula lomatira bwato pansi pa mtengo wa mango, ndipo anandiitana kuti ndikhalepo ngati mboni ngati zinthu zitaipa.

Mlendoyo anawerenga kope lija nthawi yaitali, tiyi wake mpaka kuzizira. Kenako analitseka bwinobwino n'kuliika pamaondo.

"Bambo, ndikuuzani zomwe ndikuganiza, koma musazitenge ngati zotsimikizika, chifukwa pansipo palibe anafikako. Nyanja yathuyi ili m'mng'alu. Nthaka ikung'ambika pang'onopang'ono, mbali ina ikupita kum'mawa, ina kumadzulo. Pansi kwambiri, mtunda woti mungayende tsiku lathunthu, kuli miyala yotentha mpaka kusungunuka. Chiphalaphala chimenecho n'chopepuka kuposa miyala yozizira, ndiye chikapeza mpata chimakwera. Nthawi zambiri sichifika pamwamba. Chimaima panjira n'kutukula thanthwe lomwe lachivindikira. Mwina ndi zimenezo zikuchitika pano. Mwinanso ndi madzi otentha chabe apanikizika m'ming'alu. Koma chokankha chilipo. Simunaname."

A Binali anatembenuza mutu kulozetsa khutu labwino. "Mubwereze mawu omalizawo."

"Ndati simunaname."

A Binali anangogwedeza mutu.

A Munthali anatsegulanso kope. "Taonani apa. Zikhomo za pa Mawira zinakwera msanga mu 1985 ndi 1986, kenako zinayamba kuchedwa. Koma zakutalizi, zomwe poyamba sizinkasuntha, zinayamba kukwera mochedwa, ndipo mpaka lero zikukwerabe. Thanthwe lonse likanakhala louma gwa ngati thabwa, zikhomo zonse zikanakwera pamodzi n'kuimanso pamodzi."

Anandipempha zigumu ziwiri za phula losasungunula. Chimodzi anachimenya ndi mwala, chinasweka tizidutswa ngati galasi. China anachiika pathabwa padzuwa, n'kusanjikapo mwala womwewo. Esha anatenthetsanso tiyi, tinamwa. Pomaliza, mwala unali utamira pang'ono, phula litatuluka m'mbali.

"Miyala ya pansipo ili chonchi," anatero a Munthali. "Mukaimenya mwadzidzidzi imasweka. Mukaikankha pang'onopang'ono ili yotentha, imakwawa. Chokankhacho chikatukula pakati, miyala yofewayo imatenga nthawi kuti ifikitse mphamvuyo kutali. Ndiye kuchedwa kwa zikhomo zakutali kukutiuza kuti miyalayo imakwawa mwaliwiro lotani, ndi yofewa bwanji, ili mozama bwanji. Popanda chinthu choikankha sitingadziwe. Kumayiko ena anthu amadikira zaka zambiri ndi makina akuluakulu kuti apeze manambala ngati awa." Analoza tsamba lina. "Makamaka miyezi iyi, kuyambira Ogasiti 1986, ndi pomwe zinthu zinatembenukira. Ikanasowa, kope lonseli likanakhala losamveka."

"Imeneyo anayeza ndi amake Salma," anatero a Binali. "Ine kunalibe."

Esha anatseka pakamwa ndi chitenje n'kulowa m'nyumba.

Kwa kanthawi ndinaganiza kuti zinthu zitembenuka. Koma a Binali anafunsa zomwe zinali kumtima kwawo.

"Madzi adzayendanso m'ngalande?"

"Ayi, bambo. Nthaka ikadzabwerera, ife ndi adzukulu athu tidzakhala kulibe."

"Pali chomwe boma lingachite?"

"Palibe munthu angachiletse."

"Chidzaphulika?"

"Moto sindikuuyembekeza. Koma thanthwe la pamwambali n'lozizira, silikwawa. Likapindika mopitirira limathyoka."

"Liti?"

"Sindidziwa. Palibe amadziwa."

Kenako a Binali anati, "Ndiye mundilembere kalata. Mizere iwiri yokha, yodinda chidindo, yonena kuti Binali Mustapha ankanena za nthaka. Ndikaiwerenge pasukulu pomwe paja."

A Munthali anayang'ana pansi. "Bambo, ine ndine wa ku mpoto. Kuntchito kwathu masiku ano tikuyenda monyang'ama. Kalata yotere ikakhala ndi dzina langa lokha, itipweteka tonse awiri. Mundibwereke kopeli. Ndikalemba lipoti, akuluakulu akasainira, ndipo pakutha mwezi ndibwera nalo pamodzi ndi kalata yanuyo."

Esha anatulukira pakhomo. "Abambo a Salma, kopelo lisachoke. Akopere pompano."

"Ndi masamba ambiri, mayi, ndipo galimoto ikundidikira," anatero mlendoyo.

A Binali anayang'ana akazi awo, anayang'ana mlendo, n'kupereka kope ndi manja awiri.

Mwezi unatha, wina unathanso. A Binali ankapita ku positi ofesi ku Salima Lolemba lililonse, wapansi, ndi miyendo yawo yotupa ija. Cha mu Januwale tinamva kwa dalaivala wina kuti a Munthali anachotsedwa ntchito pamodzi ndi anzawo angapo. Ena amati anabwerera kwawo, ena amati anawolokera ku Zambia. Sindikhulupirira kuti anatinamiza dala. Koma kope silinabwere, ndipo nsungwi zija Esha anali atasonkhezera kale moto, poganiza kuti ntchito yake yatha.

Chivomezi cha Malichi 1989 aliyense wa ku Salima amachidziwa, sindichifotokoza. Ngati chinali chogwirizana ndi chithupsa cha a Binali kapena chinachokera kwina, sindidziwa, ndipo wotiuza panalibe. Ndimangodziwa zomwe tinaona kutacha. Inali nyengo ya mvula, zidina za nyumba zathu zitanyowa kale. Kwa Malunda kunagwa nyumba makumi awiri ndi zitatu, khoma la mzikiti linatseguka moti munthu n'kudutsapo. Mng'alu wautali unadula ngalande pakati, mbali ina itatsika kufika m'bondo. Mawira anachita matope, anaphwa milungu iwiri, n'kukatulukira m'munda wa munthu.

Esha anagweredwa ndi khoma pachifuwa ndi m'chiuno. A Binali anamufukula ndi manja. Tinapita naye kuchipatala pangolo ya ng'ombe, anakhalako mlungu umodzi, anamubweza kuti akachirire kunyumba. Nyumba kunalibe. Anagona m'chisakasa cha pulasitiki milungu isanu, akutsokomola magazi, amuna ake akumumwetsa phala ndi supuni. Anamwalira Lachitatu masana, mayi Dorothy atamugwira dzanja. Pa wailesi anali atalengeza kale chiwerengero cha anthu ofa ndi chivomezi. Esha sanawerengedwe nawo chifukwa anachedwa kufa.

Mungaganize kuti anthu ananena kuti a Binali ankanena zoona. Ananenadi, koma mwanjira ina. Funso lomwe linkayenda pachitsime ndi pagombe linali lakuti anadziwa bwanji. Ena anati zitsulo anakhoma zija ndizo zinadzutsa majini a pa Mawira. Ena anati komwe anatsekeredwa anaphunzirako mankhwala obwezera. Amuna asanu anazula zikhomo zonse ndi zikwanje n'kukaziponya m'nyanja. Shehe analalikira Ijumaa ziwiri zotsatizana kuti nthaka ndi ya Allah, ndipo imagwedezeka Iye akafuna, osati mkamwini akafuna. Anthu anavomera kuti amina, potuluka n'kupitiriza manong'onong'o.

Sadaka ya arobaini, ya tsiku la makumi anayi chimwalirireni Esha, itatha, azichemwali anga ndi akuluakulu a banja anandiitana. Anati mkazi wamwalira, mwana anakwatiwa, mkamwiniyu amasulidwe azipita kwawo. Anati akakhalabe, nyumba zomwe tikumangazi zidzagwanso, ndipo boma silitipatsa malata chifukwa cha iye. Ndinayesa kunena kuti munthuyu anatipatsa mpunga zaka zitatu. Anandifunsa kuti nanga mpungawo uli kuti lero.

Ndinapita m'mawa. A Binali ndinawapeza akusankha zidina zosasweka pamulu wa nyumba yawo, n'kumaziunjika pambali.

"Salaam aleikum, alamu."

"Aleikum salaam. Khalani, ngakhale pokhala palibe."

Ndinakhala pazidinapo. "Alamu, sadaka yatha. Abale akuti takumasulani."

Anatembenuza khutu labwino, ndinabwereza.

"Abale akuti," anatero. "Nanga inu mukuti bwanji?"

"Ine ndine mmodzi."

"Ndakhala pano zaka makumi awiri ndi zitatu. Ku Chipoka kulibe amandidziwa. Ndipite kuti?"

"Mwina kwa Salma."

"Apongozi ake anandiuza kale kuti munthu wochokera kundende asamafike pakhomo pawo. Mukufuna ndimupasulire banja mwana?"

Anaika pansi chidina chomwe anali nacho m'manja, bwinobwino kuti chisasweke.

"Chabwino. Mundipatse mpaka Loweruka. Zidinazi mukapatse mayi Dorothy, nyumba yawo inagwa yonse."

Loweruka anachoka ndi mphasa, ketulo ndi jekete. Anaperekezedwa ndi mayi Dorothy okha mpaka pamsewu. Ine ndinali panyanja. Ndinakankha bwato m'bandakucha dala.

Ndinawaonanso kamodzi kokha, mu 1991, pamsika wa Salima. Ndinali nditapita kukagulitsa utaka, ndipo nditaitana wa wilibala, amene anabwera anali iwo. Anali ataonda kwambiri, ndevu zonse zoyera. Anandizindikira, koma anayamba wanyamula matumba kaye, kenako n'kupereka moni. Ndinawagulira tiyi ndi sikono. Anati amagona pakhonde la golosale ina, mwini wake ndi munthu wachifundo. Sanafunse za mudzi, kapena za nthaka. Anafunsa chinthu chimodzi.

"Manda a amake Salma mumalambula?"

"Timalambula," ndinatero.

Linali bodza. Kumanda sindinapiteko chiikireni maliro, chifukwa ndinkachita manyazi kuima pamaso pa mlongo wanga. Iwo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati alhamdulillah.

Ndinawauza kuti ndikakamba ndi abale, mwina mitima yazizira, Inshallah abwerere kumudzi. Anangomwetulira ndi nkhama zawo zopanda mano, n'kunena kuti wina akuwaitana kumatumba a chimanga. Kumudzi sindinakambe ndi aliyense. Ndinkati ndidikire tikolole kaye, anthu akakhuta amamva. Chaka chotsatira kunagwa chilala, panalibe chokolola.

A Binali anamwalira mu Epulo 1992. Akuti anakhala pansi pafupi ndi wilibala yawo masana kuti apume, osadzukanso. Amuna a pamzikiti wa pa boma anawasambitsa n'kuwaika tsiku lomwelo, poti panalibe wodziwa abale awo. Ine ndinamva patapita miyezi iwiri kwa munthu wogula nsomba. Ndinatumiza uthenga kwa Salma ku Nkhotakota, anabwera ndi mwana kumbuyo, tinapitira limodzi kumanda. Tinapeza mitumbira itatu ya mwezi umodzi, yoyandikana, yopanda chizindikiro. Tinaitana bambo amene anakumba nawo. Anaiyang'ana yonse itatu, anakanda kumutu, n'kunena kuti mwezi umenewo anaika anthu ambiri, sakukumbuka.

Salma anandifunsa kuti, "Amalume, ndiye tiime pati?"

Tinaima pakati, tinachita duwa kuwapempherera onse atatu. Pobwerera Salma anakwera basi ya kwawo osanditsanzika.